Chibwibwi cha Kamera

Chiperoni chabisa phiri kuyambira Lachiwiri.
Pa Chitakale palibe wobwera kudzakonzetsa foni,
ndiye ndatseka theka la chitseko cha shopu,
ndaika mu kompyuta yatsopano
gemu imene achimwene a Fanuwelo ankasewera
ine ndikanali wa kabudula wa kaki.

Miyezi isanu ndi inayi ndakhala ndikudzimana
kuti ndigule makinawa, a mafani atatu,
owala mkati ngati basi ya usiku.
Koma ndikakoka mausi kuti msilikali acheuke,
dziko lonse likuchita chibwibwi.
Khoma la-la-lakakamira,
kenako dumu! ladumpha.
Mtengo uli apa, uli apo, pakati palibe,
ngati minibasi ya ku Limbuli
imene petulo wake amusakaniza ndi palafini.

Ndayamba ndi kuloza chala.
Madalaivala atsopano andidyera bandulo ya sabata.
Ndazimitsa zithunzithunzi, ndameta udzu,
mtsinje ndausiya wopanda mafunde.
Ndauzira fumbi pomwe fumbi palibe,
ndatukwana ngakhale magetsi, amene lero sanalakwe.
Chimodzimodzi.

A Elufe a nanazi asuzumira kuchokera pakhonde:
bwanji osangoika yatsopano, yakalekale yantchito yanji?
Ndangoseka.
Ndiwauza bwanji kuti mu fulashi yothyoka chivindikiro
muli kafayilo kolembedwa FANU3,
pamene achimwene anaimira pakati pa mlatho
ndi zipolopolo zinayi,
Loweruka lomwe anakwera basi ya ku Joni?
Chaka chachisanu ndi chiwiri chino foni yawo siilira.

Cha m'ma folo ndayatsa kowerengera ka pakona pa sikirini.
Zithunzi mazana atatu pa sekondi!
Gemu yobadwa m'masiku amene makina ankachita wefuwefu
kuti afike pa sikisite.
Mausi nayo ikupereka lipoti kachikwi pa sekondi,
ngati kapitawo wofuna kukwezedwa pa esiteti.
Sikudwala ayi. Akuithamangitsa.

Izi ndimazidziwa ine.
Sitandade foro, a Namakhwa akuitana mayina,
mawu onse ankafika pakhosi nthawi imodzi,
kupanikizana pakhomo ngati tsiku la malipiro,
osatuluka ndi mmodzi yemwe.
Mu-mu-muhiwa.
Kalasi yonse mano poyera.
Pobwerera, m'kanjira kodutsa m'minda ya tiyi,
a Fanuwelo ankandigogoda paphewa ndi chala,
liwu limodzi, kugogoda kumodzi,
mpaka dzina langa lituluke lathunthu.

Ndatsegula kafayilo ka malamulo ake,
mizere yachingerezi yowuma gwa.
Pomwe panali ziro, kutanthauza thamanga mmene ungathere,
ndalemba 60.
Mausi ndaitsitsa kufika pa 125.
Purosesa ili ndi mitu isanu ndi itatu;
isanu ndi iwiri ndaiuza ikhale pansi
ngati aganyu ousa mvula,
umodzi wokha unyamule katunduyo.
Ndalama zonse zija, kugulira liwiro,
lero ndikulimanga miyendo ndi manja anga.

Ndasunga. Ndazimitsa. Ndayatsanso.

Mlatho uja.
Ndakoka mausi pang'onopang'ono kumanzere,
ndipo dziko latembenuka osapunthwa,
myaa, ngati nkhungu ikamatsetsereka ku Likhubula:
chitsulo cha mlatho, madzi, nyumba yopanda denga,
mtengo uja ukuyenda njira yake yonse,
mpaka ndabwerera pomwe ndinayambira.

Sindinawoloke.
Zipolopolozo ndi za eni ake.
Ndangozungulira kachiwiri, kachitatu,
kuona zimene iwo anaona asanadzuke pampando.

Chitseko chalira.
Mnyamata wa kabaza, jekete ili chonyowa,
foni yosweka galasi m'dzanja.
Ndaimirira, ndapuma,
chala changa chagogoda pa tebulo.
Ta-ta-takulandirani.
Changachi chilibe mzere wolembapo sikisite.