Gawo Lachiwiri, Holo Yachinayi

Sabata yachitatu tsopano kuno ku Cubao,
holo yachinayi, kasanu pa tsiku,
munthu wa chovala chamkuwa akugwetsabe mzinda
womwe anaupulumutsa zaka zitatu zapitazo.
Ine ndimaima pakhomo ndi tsache ndi thumba lakuda.
Tikiti sindinagulepo, koma filimuyi ndimaidziwa
ngati kutsokomola kwa amuna anga usiku.

Ndimaiwerengera pansi.
Anthu akadzidzimuka, mbuliwuli zimamwazika;
akatopa, amatafuna timapaipi ta zakumwa
mpaka tiphwatalale.
Gawo loyamba linkandisiyira mbuliwuli mpaka m'makwerero.
Lachiwirili, timapaipi.

Sindikuti ndi yoipa, ayi.
Mlatho uja ukamaduka mipando imanjenjemera,
mano anga oikirira nawonso.
Ndalama zake zikuoneka ndithu:
dontho lililonse la mvula analijambula palokha,
akutero Crisanto wa ku makina,
anthu zikwi ziwiri, aja mayina awo amakwera kumapeto.
Ndipo pali mphindi zinayi
pamene ngwaziyo yavula chigoba,
yakhala m'khitchini mwa mlongo wake,
ikulimbana ndi kabotolo ka mankhwala.
Manja onyamula sitima aja akunjenjemera,
chitsekerero chakana.
Mlongoyo amangolanda, n'kutsegula, osanena kanthu.
Pamenepo holo yonse imasiya kutafuna.
Ine ndimasuzumira, tsache kumbuyo.

Kenaka eni filimu amachita mantha ndi bata limenelo
n'kuphulitsa khoma.

Adani atatu, pomwe mmodzi ankakwana.
Wachitatuyo mpaka lero sindidziwa anamulakwira chiyani.
Ndiye mnzake uja anafa m'gawo loyamba,
amene ndinasesera timipango tonyowa miyezi iwiri,
amene mwana wanga Luningning anamulira mpaka m'jipini,
wabwera, wanenepa, wasunga ndevu,
akuti anangokomoka.
Nanga misozi ija atibwezera liti?
Maliro ukawabweza kamodzi,
achiwiri anthu amabwera akuseka.

Nthabwala nazo, iliyonse ikatuluka
imaima kudikira phwete
ngati kondakitala wotambasula dzanja.
Ola lomaliza ndi utsi wokhawokha,
nyumba zikugwa zopanda munthu m'kati,
zopanda ngakhale malaya pachingwe.
Ife tinawaona madzi akufika padenga ku Marikina.
Mzinda ukagwa pamatsala nsapato imodzi pamsewu,
chithunzi cha ukwati m'matope,
ndipo m'mawa mwake wina amagwira tsache.
Wosesayo m'filimu mulibe.

Ikatha, sachoka.
Magetsi ayaka pang'ono, mayina akukwera,
iwo ali duu, kudikira kachidutswa kobisika
kowauza kuti zonse aonazi n'chiyambi chabe.
Mphindi khumi ndi imodzi zimenezo.
Ine zimanditsalira zisanu ndi ziwiri
kuti holo iyere ena asanalowe.
Bambo Villaruel ali pakhomo, akugogoda wotchi ndi chala.

Dzulo mnyamata wina, mzere wachisanu ndi chitatu,
chigoba cha pulasitiki atachikankhira pamphumi,
anatsala yekha, bambo ake atatsogola
pang'onopang'ono, akugwira khoma.
Ndinamufunsa: wakonda pati?
Ndinkayesa anena mlatho,
kapena chinjoka chachitsulo chija.
Iye anati: paja walephera kutsegula botolo.
Anakhala chete, akupotokola kapaipi.
Kwathu ndimatsegula ndine.

Anatola kapu yake, ndi ya bambo ake,
n'kuziponya yekha m'thumba langa.
Anthu ambiri satero.

Gawo lachitatu akuti layamba kale kujambulidwa,
adani asanu, mwezi weniweniwo udzang'ambika pakati.
Kaya kudzakhala khitchini.
Mawondo akadzalola ndidzakhala pakhomo pomwepa,
magetsi akadzayaka
ndidzayang'ana pansi.