Lachinayi kwa Nangozo

Lachinayi lililonse, ikamakwana hafu seveni,
timavundikira milu ya mbatatesi ndi masaka,
kusiya msewu wa Lizulu ukuzizidwa wokha,
n'kukathinana mu saluni ya Nangozo
momwe kanema amakhala pamwamba pa filiji yakufa.
Fungo la mafuta a tsitsi, fungo la chimanga chootcha,
ana pasimenti, ife pamabenchi,
wochedwa amaonera pazenera, khosi litatalika.

Akuti seweroli ndi lanthabwala chabe,
muli anthu oseka amene nkhope zawo sitinazionepo.
Ife sitibwerera nthabwalazo.
Timabwerera Fatsani, wosalipira lendi uja,
ndi Zione, mwana wa mwini nyumba,
amene akhala akulimbirana chingwe choyanikapo zovala
kuyambira dzinja latha.
Ine ndimati awiriwa ndi poto ndi chivundikiro chake.
Taonani akamamupatsira kiyi wa bafa,
dzanja limachedwa kubwerera.

Koma Kadammanja, wotchaja mafoni pa siteji,
amati ndimaonera za m'mutu mwanga.
Iye wake ndi Lekeleni, namwino wa chipinda chachitatu,
wofatsa uja, wobweretsa tiyi asanapemphedwe.
Akuti mwamuna safuna mkazi wapakamwa.
Ndinamuyankha kuti n'chifukwa chake imvi zayamba
akugonabe ndi mabatire.
Saluni yonse inaseka kuposa a m'kanema aja.

Tinabetcherana pamaso pa mboni:
ine ndowa ya mbatatesi ya kwa Tsangano,
iye kunditchajira ulere mpaka Khirisimasi.

Ndiye sabata ija Fatsani anaima pakhonde,
maluwa othyola pa mpanda wa eni atabisa kumbuyo,
chitseko cha Zione uku, cha Lekeleni uko,
wakweza dzanja kuti agogode,
magetsi thi!
Nangozo anatukwana a magetsi mpaka azigogo awo.
Mwana wina analira ngati wamenyedwa.

Tinatuluka mopapasa.
Kadammanja anayatsa tochi ya foni ya kasitomala
kuti andiperekeze pofika pa mjigo pokha,
koma mjigo tinaudutsa osauona,
tikukangana kuti maluwa aja anali a yani.
Chisanu cha Juni chinkaluma makutu.
Jekete yake inapezeka pamapewa panga.
Anati imamulemera.

Lachinayi linalo ndinapeza benchi yodzaza
kupatula kampata ka anthu awiri, pakati penipeni.
Atsikana oluka tsitsi akutsinana, maso pansi.
Pakona ya galasi, ndi utoto wa milomo,
wina analemba dzina langa ndi lake
n'kuwalumikiza pakati ngati ngolo ndi ng'ombe.
Ndamva kuti Nangozo wabetcha kuluka kwaulere
kuti mvula yoyamba isanagwe kumveka nthungululu,
ndipo wogulitsa kabichi akuti ayi,
ine woyenera ndi dalaivala wa lole ya ku Balaka.
Dalaivala! Sindidziwa n'komwe dzina lake.

Kani pomwe ife tinkapenya kanema
ena ankapenya misana yathu.

Ndinakalipa ndithu.
Ndine mayi wa ana awiri,
bambo awo anapita ku Joni ndi sutikesi yanga,
chaka chachisanu ndi chimodzi chino, ngakhale uthenga.
Sindine sewero la munthu.
Ndinakhala pansi pokhapokha chifukwa nyimbo inali itayamba
ndipo malo ena panalibe.

Maluwa aja, ngati mukufuna kudziwa,
anadyedwa ndi mbuzi ya mwini nyumba.
Olemba seweroli ndi ankhanza,
abweretsanso msuweni wochokera ku tauni
kuti tizunzike mpaka chaka chamawa.
Ndowa yanga ikadali yanga.
Foni ndimalipirabe, ngakhale masiku ena amaiwala kulandira.

Jekete ili pa msomali kuseri kwa chitseko.
Ndim'bwezera kukayamba kutentha.
Kungoti kuno ku Lizulu
kumachedwa kutentha.