Loweruka ku Santa Ifigênia

Mvula ya ku São Paulo inatikankhira m'sitolo ya Jurandir,
ine ndi mlongo wanga Otávio,
envulopu nditaipanikiza m'khwapa
ngati ingathawe.

Jurandir anatulutsa mapulosesa awiri m'kabati yagalasi
n'kuwayika patebulo ngati mazira.
Kanthu kake n'kosaposa bisiketi
koma mtengo wake ndi lendi ya miyezi iwiri.

"Iyi," anatero akugogoda ndi chikhadabo,
"ili ndi manja khumi ndi asanu ndi limodzi.
Isenzetseni mtolo, igawana yokha,
palibe dzanja lokhala chabe.
Kungoti imadya magetsi, imatenthanso thupi.
Inayi manja ndi asanu ndi atatu basi
koma ili ndi thumba lalikulu pachifuwa,
zofunika zonse imasunga pafupi,
siyendera kukatapa kutali.
Pamasewera, mphezi."

Otávio anameza malovu. Ndinamumva.

Ine ntchito yanga ndi maukwati a eni.
Ndimadula kanema, ndimalumikiza,
ndimachotsa amalume oledzera kuseri kwa keke,
ndimawalitsa nkhope ya mkwatibwi
pamene wojambula anaiwala nyali.
Ndikatha ndimadina batani n'kudikira.
Maola anayi. Pena asanu.
Kamzera kobiriwira kamakwawa ngati nkhono pakhoma,
fani ikubuula ngati basi pachitunda,
ndipo kawiri konse kompyuta inathima
itatsala pang'ono kumaliza,
mayi a mkwati ali pafoni.

Iye masana ali panjinga yamoto,
bokosi la pitsa kumsana,
kudzipanikiza pakati pa magalimoto.
Usiku amavala zomvera m'makutu
n'kusanduka munthu wina, woseka, wolamula
anzake anayi amene sanawaonepo nkhope,
wina ku Recife, wina ku Manaus.
Amati chithunzi chikadodoma kamphindi kakuphethira
ndiye kuti wafa kale.
Ndi nthawi yokhayo imene mawu ake amakwera
chimwalirireni bambo.

Kompyuta ndi imodzi. Pokhala pulosesa ndi pamodzi.
Jurandir anayamba kupukuta magalasi ake,
munthu wozolowera mikangano ya pachibale.

Ndinawerengera chamumtima:
maola atatu opulumuka usiku uliwonse,
maukwati awiri owonjezera pamwezi,
ngongole ya dotolo wa mano.
Ndinayesa kuwerengeranso kuseka kwake
koma masamu anakana.
Ndinatambasula dzanja kuloza ya thumba ija.

Otávio analigwira m'malere.
"Tenga ya manja ambiri, Dalva.
Ine ndimaluza chifukwa sinditha, osati makina."
Linali bodza lamkunkhuniza,
mpaka Jurandir anakhosomola.
Kenako anapisa m'jekete yake yonyowa
n'kutulutsa ndalama zokwinyika,
zija amamuthokoza nazo pamageti a anthu:
"Izi n'za fani yabwino. Isatipsere."

Kunyumba anaiyika ndi iye,
anga manja ankanjenjemera.
Anapeza kachizindikiro kagolide pakona,
anaitsitsa osakankha, anatseka kachitsulo,
n'kudonthezapo phala lotuwa
kuchepa ngati njere ya mpunga.
Ankapuma pang'onopang'ono
monga ankachitira bambo posoka chingwe cha wailesi.

Ukwati wa a Siqueira unatha m'mphindi makumi anayi.
Khofi wanga anali asanazizire.
Ndinakhala duu, usiku wonse uli m'manja,
osadziwa kouika.

Ndinamusiyira mpando
n'kukoka ndowa, kuigadabuza, kukhalapo.
Analuza kawiri, anatukwana wa ku Recife.
Kachitatu anapambana
n'kukuwa mpaka aneba anagogoda khoma ndi tsache.

Sindinamufunse ngati chithunzi chikudodoma.
Iyenso sananene.
Fani yatsopano inkangozungulira mwakachetechete
pakati pa mapazi athu.