Chala Chaching'ono cha Kumanzere

Lonjezo, chotsa dzanja pa mbewayo.
Sunabwere ku Joni kudzakumba mbewa ngati uli kwathu ku Ntcheu.
Mzere wafika pakhomo,
ndipo mwini shopu ino, Tsegaye, amawerenga mphindi ngati marandi.

Taona chala ichi, chaching'ono, cha kumanzere,
chomwe kumunda ntchito yake inali kukanda m'khutu basi.
Muno mu Yeoville ndiye kapitawo.
Chikhazike pa Ctrl, pakona apo, ngati mlonda wa pageti,
zinzakezo zizithamanga.

Ctrl ndi A, wakumbatira tsamba lonse.
Ctrl ndi C, wanyamula, koma mwiniwake sanataye kanthu,
kuba kokhako komwe sikukukweza galimoto ya apolisi.
Ctrl ndi V, watula.
Dzulo ndinalemba makalata khumi ndi awiri ofunsira ntchito,
kalata imodzi yomweyo, n'kumangosintha mayina:
wa ku Mangochi, wa ku Bulawayo, wa ku Lubumbashi,
onse olimbikira, onse okhulupirika,
onse akufuna kukathirira maluwa a eni ake ku Sandton.

Koma ichi ndiye uchimange pamtima: Ctrl ndi S.
Ukalemba mizere itatu, dina.
Ukayetsemula, dina.
M'nyengo yozizira yapitayi Che Mkwanda, telala wa ku Mayfair,
anakhala pampando uli nawowo kundiuza kalata ya kwa mkazi wawo,
masamba atatu, chipewa chili pabondo, mawu akunjenjemera.
Tili pafupi kutsanzika, magetsi thi!
Galasi bii, ngati kunsi kwa mphika.
Ndinati tiyambirenso akayaka.
Iwo anavala chipewa nati,
"Mawu aja ndinali nawo kamodzi kokha, mwanangu."
Analipirabe. Ndalamayo inandiwotcha m'thumba sabata yonse.

Ukamaonera zigoli za mpira, bwana n'kutsokomola kumbuyo,
Alt ndi Tab, wabwerera ku ntchito.
Izi sindinakuuze ndine.

Ctrl ndi F ndi yofufuzira.
Abwera amayi ndi mndandanda wautali wa mapepala ovomerezedwa,
usawayendetse mzere ndi mzere, mtima wawo ungatope.
Lemba dzina lawo, udine.
Likapanda kupezeka, lembanso mwa kalembedwe kena,
poti kuno amatidula zilembo ngati nsonga za chingwe.
Likasowabe, usathamangire kuyankhula.
Ayang'ane kaye.

Ctrl ndi Z imabweza zomwe walakwitsa.
Usiku wina, titatseka, ndinaidina kambirimbiri pa tsamba lopanda kanthu
kuti ndione ngati ingandifikitse pa depoti ya ku Wenela,
tsiku lija ndisanakwere basi,
mwana wanga asanaphunzire kunditchula kuti "a pafoni."
Kompyuta inangolira kuti ding.

Basi, usandiyang'ane choncho. Itana wotsatira.
Ctrl ndi P, ndipo pepala likakodwa
menya makinawo kumbali, osati pamwamba.

Madzulo ukamatsika Raleigh foni ibise m'sokosi.
Mu takisi udzazipeza zala zako zikuvina zokha pantchafu,
chaching'ono chitatsamira pakona, zinazo zikudumpha.
Zisiye.
Ine zanga zimatero mpaka m'tulo,
zikusunga, zikusunga,
magetsi asanazime.