Wosoka Chifunga

Amayi ankasoka zolemera:
veleveti wa mafumukazi, mikanda mpaka m'mapewa,
madiresi okhwekhwereza pansi ngati akusesa bwalo.
Wovina akatembenuka, nsalu inkatsalira m'mbuyo
n'kudzafika mochedwa, ili wefuwefu.
Ine anandipatsa chifunga kuti ndisoke.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi.
Kachipinda kapamwamba penipeni pa nyumba ya zisudzo ku Paris,
zenera limodzi, atsikana makumi awiri, mbaula yofuka utsi.
Madame Quillard anandiponyera nsalu yoyera pamiyendo:
Ukayetsemula, Honorine, iuluka.
Ndinaika dzanja kuseri kwake
ndipo ndinawerenga mizere yonse ya m'chikhatho changa.

Imodzi siikwana, imaulula munthu yense.
Tinkasanja yachiwiri, yachitatu, yachisanu,
kukwinya m'chiuno mpaka singano ikane kulowa,
sitachi, simbi yamakala, sitachinso,
kufikira siketi itaima yokha pathebulo
ngati belu lopanda lilime.
Mpendero uzilekeza pakati pa bondo ndi kakolo,
ankatero Madame, anthu alipira kudzaona phazi
likuima pa nsonga ya chala
n'kumanama kuti pansi silipadziwa.
Kumtunda tinkamanga molimba,
mafupa a namgumi m'nthiti, mapewa pamtetete,
kumsana timapiko tiwiri tawaya
toti sitinganyamule ngakhale njenjete.

Amene ndinkamuyeza ndi Apolline Dervaux,
mwana wa mayi wochapa zovala ku Belleville.
Chiuno chake ndinkachidziwa kuposa mapemphero anga:
chikachepa ndi chala chimodzi, ndiye kuti lendi yakwera kwawo.
Usiku ankasanduka mzimu wa m'nkhalango,
ndipo amuna a zipewa zazitali ankalumbira kuti alibe thupi.
Ine wotsuka magazi m'nsapato zake
ndinkadziwa kuti thupi lilipo,
limanunkha thukuta ndi anyezi.

Mwezi wa pasiteji unali gasi,
mzere wa malawi m'mphepete mwa matabwa,
ndipo nsalu yathu inkawakonda, inkawaweramira.
Kunabwera mankhwala onyikamo masiketi kuti asayake,
koma ankaumitsa nsalu gwa,
n'kuisiya yachikasu ngati dzino la wosuta fodya.
Apolline anainunkhiza, n'kuseka:
Mzimu wovala chiguduli unauona kuti?
Ndinamusokera ina, yosanyika.
Ndi manja awa.

Lachinayi lina, m'Febuluwale wa chisanu cholowa m'mafupa,
anazungulira kamodzi kupitirira mzere wa choko.
Mpendero unapsompsona lawi.
Kukuwa sindinakumve. Ndinangomva phuu,
ngati wina wakung'untha nsalu ya pabedi.
Firmin wokoka zingwe anamugwetsa ndi bulangete lonyowa.
Kumipando yakumbuyo ena anawomba m'manja,
ankayesa ndi momwe sewero limathera.

Sanafe.
Alakatuli akadakonda akadafa.
Anakhala zaka makumi atatu pamlatho
akugulitsa mtedza wootcha m'timapepala,
masokosi aubweya ngakhale dzuwa litaswa mtengo,
mwendo wamanzere ukukoka pang'ono.
Ndikadutsa ankandiikira wotentha m'thumba, osalandira ndalama,
ndipo za Lachinayi lija sitinatchulepo, iye kapena ine.

Lero maso anga sapeza bowo la singano.
Atsikana a m'chipinda chija akuidula siketi yathu,
chaka ndi chaka ikukwera,
yadutsa bondo, ikuuma ngati mbale.
Aipatsa ndi dzina loseketsa, akuti tutu,
ngati khanda likuphunzira kulankhula.
Akuti miyendo ioneke yonse.
Ioneke, ndi imene imagwira ntchito.

M'kabokosi ka mabatani ndasunga kachidutswa
kotalika ngati chala changa chankombaphala,
koyera mbali imodzi, kakuda mbali inayo.
M'mawa ndikakaika pazenera
kuwala kumadutsabe bwinobwino,
kupatula pamene ndinasokapo ine.