Thadzi Wopanda Nthenga

Amati ku Mangochi kulibe chisanu.
Wonena zimenezo sanagonepo ku Namwera mwezi wa Juni,
mphepo ikamatsika m'phiri ngati mwini ngongole
n'kulowera pansi pa chitseko, osaodira.

Ndinakawatenga ku Boma Lachiwiri,
makumi asanu, m'katoni yoboolaboola,
ndawasenza pamiyendo, minibasi ikukhotakhota pa Chowe,
kondakitala akuti ndiwalipirire mpando.
Ndalama zake anatumiza Twaibu kuchokera ku Joni,
miyezi inayi akutsuka magalimoto a eni.
Ndiye mukamawaona musati ndi anapiye chabe:
ndi zala za mwamuna wanga, zong'aluka ndi sopo.

Amayi awo ndi makina.
Sadziwa kuti padziko pali chinthu chotchedwa phiko.
Babu lomwe ndinawapachikira
analiyesa dzuwa, analiyesa mayi,
mpaka naini koloko usiku
magetsi anachoka osatsanzika.

Mdima bii.
Kenako kulira, osati kuja kwa njala,
koma kothwa, kobaya m'khutu ngati singano.
Ndinawaunika ndi foni:
aunjikana pakona, wina pamsana pa mnzake.
Wapansi ndiye amafa,
anandichenjeza Abiti Mdoka
amene anakwirira makumi awiri chaka chatha
m'mawa umodzi.

Makala ndinayatsira panja mpaka utsi utatheratu,
mbaula ndinaikhazika pa njerwa
pakati pa mankhusu a mpunga,
zenera ndinalisiya mpata wa zala ziwiri,
pakuti moto wofunditsa ndi womwewo
umagoneka munthu tulo tosadzuka.
Mabotolo a madzi otentha ndinawakulunga
m'chitenje chomwe ndinavala pa ndowa yathu.
China chouma panalibe.

Choyezera kutentha ndilibe ine.
Ndimawerenga anapiyewo ngati kalata.
Akathawira kukhoma, milomo yasa, ndawonjeza makala.
Ndimadikira amwazikane
ngati mtedza woyanika pamphasa,
aliyense pake, mutu zyoli,
ndiye nanenso ndipume.

Kamodzi sikanadzuke ndi anzake.
Miyendo tambalale, maso psinya,
kozizira ngati supuni yogona m'madzi.
Ndinakapumira mpweya m'manja,
ndinakalowetsa m'kamisolo,
pomwe Rukiya analekera kuyamwa dzinja lapitali.
Iye anasuzumira m'bulangeti, tulo tili m'maso:
Amayi, inu ndinu nkhuku?
Gona, ndinatero. Lero lokha.

Cha m'ma thuu koloko foni inanjenjemera.
Kuno kwazizira, ndagona ndi nsapato,
malata akudontha mame mkati.
Anapiye ali bwanji?
Ndinayang'ana mawuwo nthawi yaitali,
mbaula ili psuu patsogolo panga,
kamtima kachilendo kakugunda pa mtima wanga.
Munthu wamkulu, ndevu zonse zija,
salowa m'kamisolo.
Ndinalemba: afunda.
Ndinafufuta, ndinalembanso chomwecho.

Ndinathira makala kawiri.
Ndinawiritsanso madzi, khosi litauma,
maondo atachita dzanzi pasimenti.
Pamene Che Likwanya amakhosomola
pa chimkuzamawu cha kumzikiti
asanayambe azana,
babu linaphethira, n'kuyaka mopanda manyazi
ngati mlendo wofika maliro atatha.

Ndinawerenga ndi chala.
Makumi anayi ndi asanu ndi atatu akujompha gaga,
mmodzi wauma pakona paja, wopyapyala ngati tsamba.
Ndinawerenganso, wina akusowa,
mpaka kena kake kanandijompha pachifuwa,
kwaukali, kopanda zikomo,
ngati mwana aliyense wokhuta moyo.

Ndinakatsitsa pansi.
Kanadzandira, kanaima,
kanalunjika kumadzi osacheuka.

Lero ndikagula thumba lina la makala kwa Sumani,
pangongole.
Kwatsala milungu itatu kuti amere nthenga zawo.
Kwa Twaibu sindidziwa kwatsala ingati.