Pamtengo wa Mapeyala

Pakati pa sitolo ya mankhwala ndi garaja ya Nivaldo
pali kamalo koti mabasi atatu sangakwanepo.
A khonsolo anazikapo chikwangwani, akuti ndi paki.
Ife timangoti pamtengo.

Kale panali nyumba ya munthu.
Pakhoma la garaja matailosi a kukhitchini akadalipo,
obiriwira, asanu ndi awiri, limodzi long'aluka,
ndi msomali umene ankakolekapo kalendala.
Ogumula anasesa zonse, koma mtengo wa mapeyala anausiya.
Kaya chinali chisoni, kaya nthawi ya nkhomaliro inangokwana.

Ine ndimafika dzuwa litapendeka pang'ono,
bokosi lofiira lili kumsana,
nditadyetsa theka la São Paulo
osaona nkhope ngakhale imodzi,
manja okhaokha otulukira pa zitseko.
Ndimazimitsa njinga, ndimavula chisoti,
koma m'makutu injini imalirabe.
Imatenga mphindi zitatu kuti imve kuti taima.

Benchi la kumthunzi ndi la mayi Zuleide.
Palibe analemba, aliyense amadziwa.
Amakolopa mabanki awiri, ina m'mawa ina madzulo,
ndipo pakati pake amavula nsapato
n'kuponda kaudzu kothothoka aka
pang'onopang'ono, ngati woyesa madzi osamba.
Salankhula. Akuti pakamwanso pamafuna tchuthi.

Bambo Aparecido amasewera domino ndi mnzawo
amene anamwalira chaka chatha,
ndipo mpaka lero amamunena kuti amabera.

Nkhunda. Fungo la dizilo. Mpopi wodontha.
Helikopita ya abwana imadutsa pamwamba
kuthawa mzere wa magalimoto umene ife timasambiramo.

Ndiye pali mnyamata wa taye.
Milungu itatu tsopano, amafika ndi chikwama chachikopa,
kukhala mowongoka ngati akudikira kuitanidwa,
kuyang'ana wotchi, osanyamuka.
Tonse tinaona. Palibe anafunsa.
Mumzinda uno kufunsa munthu za ntchito
kuli ngati kumuvula malaya pagulu.

Lachinayi peyala linathothoka,
phi! pachikwama chake penipeni.
Anadzidzimuka, chikwama chinayasama:
munalibe pepala ngakhale limodzi,
ambulera basi, ndi banzi ladzulo.
Tonse tinangoti zii.
Kenako bambo Aparecido, maso ali pa domino:
"Mtengo wakulemba ntchito, mwana iwe.
Malipiro ndi amenewo."

Anaseka mpaka anavula magalasi,
ndipo sitinayang'anitsitse chimene ankapukuta.

Mayi Zuleide anatola peyalalo, kulifinya ndi chala.
Louma gwa.
Analikulunga m'nyuzipepala ya mpira,
ndipo mayi osalankhula aja analankhula:
"Lolemba. Musachedwe."

Lolemba mvula inawaza m'mawa, mabenchi ananyowa,
tinakhalira matumba apulasitiki.
Kampeni ka mayi Zuleide kanalowa ngati m'batala.
Ine ndinatulutsa timapaketi ta shuga
totsalira pansi pa bokosi langa,
ndi masipuni amene makasitomala amakana.
Peyala limodzi, anthu anayi,
ndi kachidutswa kapambali ka wobera domino uja,
kamene nkhunda zinamudyera.

Mnyamatayo anati dzina lake ndi Wanderlei.
Anati amayi ake sakudziwa,
amamusitirabe malaya usiku uliwonse.
Palibe anamulangiza.
Basi inadutsa, utsi unatiphimba, unapita.

Paki iyi siichiritsa munthu.
Lendi imakudikira pakona ngati galu wodziwa fungo lako.
Koma kwa mphindi makumi awiri
palibe amakuimbira hutala,
palibe amakupatsa nyenyezi zitatu pa zisanu,
ndipo mapazi amakumbukira kuti ali ndi mwini wake.

Foni ikunjenjemera m'thumba:
mpunga ndi nyemba, nsanjika ya khumi ndi chiwiri, msanga.
Ndikuvala chisoti.
Pagalasi la njinga ndikuona Wanderlei
akupukuta nthangala ya peyala ndi taye,
akuiika m'chikwama bwinobwino
pamalo pamene pankakhala mafailo.